Mwana wa Mapewa a Jekete

Ndiyambe ndi kupepesa kwa akulu ampingo anzanga a ku KwaThema, amene mpaka lero amadziwa kuti Lachinayi lija ndinajomba kumsonkhano chifukwa cha msana. Msanawo unandipwetekadi, pamenepo sindinaname. Chimene sindinanene n'choti unapweteka chifukwa ndinali kubereka. Musaseke. Zonse zimene ndilembe pano ndi zoona zokhazokha, ndipo ndikathirapo ngakhale kamchere, singano ya makina indisoke chala.

Ine ndine telala. Ndinachoka kwathu ku Ntcheu ndi mutu wa makina m'chikwama, ndipo kuno ku Joni ndimasokera m'galaja ya mayi wina pafupi ndi siteji ya matakisi. Ntchito imeneyi ili ndi nzeru zake zimene sizilembedwa m'buku. Chovala cha mzimayi chizithina. Akachivala n'kumapuma bwinobwino, dziwani kuti mawa akubwezerani. Chovala cha mwana ndiye chizikhala chachikulu, akuliramo. Ana amene ndinawasokera yunifolomu ali kalasi yoyamba, ena anamaliza nayo sukulu manja a malaya akadali opinda. Za msoko wanga ndiye sindilankhula zambiri. Bambo wina anagwa padenga ku Springs, mwendo unathyoka pawiri, koma buluku amene ndinamusokera sanatumbuke ngakhale ulusi umodzi.

Nkhani yonse inabwera ndi mlamu wanga Tiyanjane, mng'ono wawo wa mayi akunyumba. Tiya ankakhala nafe ndipo ankaphunzira uzamba pa kasukulu kena ka anamwino cha ku Springs komweko (dzina sinditchula, anandichitira zabwino). Mtsikanayu mutu wake ndi wakuthwa, koma mayeso a manja, aja oonetsa mmene ungathandizire mayi amene kubereka kwamuvuta, anali atalephera kamodzi. Lamulo la pasukulupo linali loti ukalephera kawiri, basi, longedza. Ndipo pemiti yake yokhalira m'dziko muno inali yasukulu. Sukulu ikatha, pemiti yatha, munthu akwere basi ya ku Mwanza. Mayi akunyumba anali atasala kudya Lachisanu lililonse chifukwa cha mayeso amenewa, ndipo popeza iwo ndiwo amaphika, tonse tinkasala nawo.

Tsono mumve chimene chinamulepheretsa poyamba paja. Pasukulupo panali chidole chachikulu ngati munthu, chochokera kutsidya kwa nyanja, chobereka chokha. Chinkabuula, chinkaphethira, chinkatuluka ndi magazi omwe. Tsiku limene chinafika kunali mwambo. Akuluakulu anadula riboni, anajambulitsa nacho, anadya nkhuku. Vuto linali limodzi lokha: mayi ameneyu ankabereka ndi magetsi. Ndipo zinali zaka zija magetsi anayamba kuzima mosinthana madera. Mwana wangofika pakhomo, magetsi thi! Matenda aleka. Mayi ali duu kuyang'ana kudenga, mwana theka kunja theka m'kati, kudikira folo koloko. Batire lake linafa kalekale. Latsopano linkadikira komiti, komitiyo inkadikira lipoti la komiti ina, ndipo wapampando wa komiti inayo anali ku semina yokambirana za kuchedwa kwa zinthu. Ophunzira ambiri anafika pamayeso atangoona mitu ya ana, miyendo akuimvera m'buku.

Patatsala sabata kuti mayeso achitike, ndandanda ya magetsi inatuluka: Lachinayi m'mawa wonse ku Springs mdima. Woyesa anali wochokera ku Pitoliya, munthu wosasintha tsiku. Apa m'pamene mlamu wanga anatsegula pakamwa m'kalasi n'kunena kuti, "Alamu anga amasoka chilichonse."

Anabwera kugalaja ndi mphunzitsi wawo, Sista Radebe, mayi amene Mulungu anamupatsa thupi mosaumira. Sista anafotokoza kuti akufuna mimba ya nsalu yomangirira m'chiuno ngati epuloni, m'kati mwake mukhale mwana wachidole, m'mbali mukhale mopisa manja kuti wovalayo azikankha mwanayo, pansi pakhale njira yotulukira.

"Baba, kuti mumvetse bwino, taonani apa," anatero akutsegula buku.

Anthu inu, buku limenelo. Kwathu mwamuna sayandikira kuchikuta. Amakhala pansi pa mtengo chapatali, n'kumasema mpini umene sakuufuna, kudikira nthungululu. Ana anga atatu anabadwa ine ndili pansi pa mitengo yosiyanasiyana. Ndiye lero mzimayi wachilendo anditsegulire tsamba lotere, la mitundumitundu, masana dzuwa likuswa mtengo, mlamu wanga ali pomwepo? Ndinaponya maso kudenga. Malata a galaja ija ali ndi misomali makumi anayi ndi iwiri, umodzi ndi wopindika.

"Mwaona apa, baba? Apa pazitanuka."

"Ndaona, Sista."

"Alamu, mukuyang'ana kudenga," anatero Tiya.

"Telala amaonera m'mutu, iwe. Usandiphunzitse ntchito."

Anandisiyira pepala la miyeso. Tsoka ilo, papepalapo panalinso chithunzi chomwe chija, manambala ali m'mbali, timizere tikuloza malo ake. Ndinaphimba chithunzicho ndi chikhatho n'kukopera manambala okhaokha pakatoni. Pepalalo ndinalivundikira pansi pa chitini cha oyilo. Ndinatsala ndi manambala asanu ndi awiri, onse olondola, koma osadziwa kuti iti ndi ya chiyani. Ndinati palibe kanthu, zaka zonsezi ndasokera anthu ongotumiza uthenga pafoni kuti "ndine wonenepa pang'ono".

Ndinasoka masiku atatu, chitseko chili chotseka theka. Mimbayo ndinaipanga ndi zotsala za tenti ya ukwati, nsalu yoti mbuzi ingathyokepo mano. Njira yotulukira ndinaiganizira mofatsa. Ndinati ichi ndi chovala cha mzimayi, ndiye chikakhala cholobodoka Sista adzati telala wa ku Malawi sadziwa ntchito. Ndinabweza inchesi imodzi. Ndinaikamo lasitiki wopinda pawiri, n'kudutsitsa makina kawiri, ngati pakamwa pa thumba la buluku la kondakitala.

Mwanayo ndinamusoka ndi nsalu ya suti yofiirira, m'thupi ndinathiramo mpunga kuti alemere ngati munthu, m'mutu siponji. Podula, dzanja linachita zimene limachita likamva kuti ndi za mwana: linasiya mainchesi awiri mbali iyi, awiri mbali iyo. Sindinalitume. Nditamuimika patebulo ndinaona kuti mapewa ake ndi ogwa ngati a munthu amene wakanidwa ukwati. Mtima unandipweteka. Mwana wotuluka m'manja mwanga akaonekere pamaso pa anthu a ku Pitoliya ngati wa chaka cha njala? M'kabati munali mapewa a siponji otsala pa jekete ya dikoni wina. Ndinamuika. Anthuni, mwana anaoneka bwino. Anaoneka ngati woti akangobadwa apempha kuti atsegule msonkhano ndi pemphero.

Tsiku lachiwiri mayi akunyumba anabwera ndi chakudya n'kundipeza ndadzimangirira mimba ija m'chiuno, ndikuyeza malamba (ndikanayeza pa ndani, poti ntchitoyo inali yachinsinsi?).

"Abambo a Chisomo, chimenecho n'chiyani?"

"Pilo wa galu. Wa mzungu wina wa ku Nigel."

"Nanga mwamuvaliranji?"

"Galuyo ndi wamsinkhu wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti azungu zinthu zinawakwana, n'kumapita.

Chomaliza, ndinalowetsa mwana uja kudzera pamwamba, chamutu pansi monga anandiuzira. Analowa movutikira, ndinachita kumukankha ndi bondo, koma chimenechi sichinandiuze kanthu. Pamwamba paja panatsala pakamwa pali yasa. Tsopano ndikudziwa kuti Sista ananena kuti pamenepo pakhale potsegula, kuti mwana azibwezeredwamo wophunzira wina akamaliza. Ananena nthawi imene ndinali pa msomali wa makumi atatu. Ine ndinangoona msoko wosamaliza, ndipo telala weniweni sapereka ntchito yotero. Ndinatseka. Kawiri. Zoyesa ngati mwanayo akutuluka sindinachite. Ndinaona kuti mbali imeneyo ndi ya azimayi.

Lachinayi m'mawa ndinavala suti yanga yakuda, poti ndimati ndikangopereka katundu ndidutsire kumsonkhano wa akulu ampingo. Ndinafika pasukulu magetsi atazima kale. Ophunzira anali ndii pakhonde, milomo ikuyenda, ena akubwereza za m'buku, ena akupemphera. Sista analandira mimba ija mwansangala n'kuyesa kuimanga m'chiuno mwake. Malamba anathera m'nthiti. Anaitana mphunzitsi mnzake. Ameneyo malamba sanaone n'komwe kumene msana wayambira. Ophunzira sankaloledwa kuvala poti onse anali oyesedwa. Mlonda atamva kuti akufunidwa, anakumbukira kuti kugeti kulibe munthu.

Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine. Ine ndine wochepa thupi, woti ndikaima chammbali mphepo imandidutsa osandipatsa moni.

"Ayi," ndinatero. "Ine ndine mkulu wampingo."

Tiya anandikokera pakona. Dzina lake linali loyamba pamndandanda, ndipo manja ake anali ozizira ngati botolo la m'firiji.

"Alamu, woyesa wafika kale. Akabwerera osatiyesa alemba kuti sitinakonzeke. Ine mwayi wanga ndi uno wokha. Mukufuna ndikafotokoze chiyani kwa achemwali?"

"Ukanene kuti malamba anafupika."

"Anafupikitsa ndani?"

Ndinavula jekete.

Anandiveka mwinjiro wa odwala uja wotsegula kumbuyo (wosokedwa moipa kwambiri, ndinaona), pamwamba pa buluku ndi malaya. Anandimanga mimba, n'kundigoneka pabedi. Taye anaiwala kundivula, ine ndinaiwalanso. Sista anandinong'oneza malangizo. Mayeso a Tiya anali a mwana amene mutu watuluka koma mapewa akakamira. "Mukankhe mpaka mutu utuluke, baba. Kenaka mumugwire mwanayo m'katimo, asatuluke. Mtsikanayu akachita zonse molondola ine nditsokomola. Mukamva kutsokomola, mutayeni. Ndipo muzibuula, zizioneka zenizeni."

Woyesa analowa: mayi wamfupi, wa magalasi a pamphuno, wotchi m'dzanja, nkhope yoti sinasekepo chiyambire ufulu. Anandiyang'ana kuyambira kundevu mpaka kunsapato, n'kuwerenga pepala lake osaphethira.

"Mayi uyu ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, mimba yachinayi, ali ndi matenda a shuga. Yambani."

Poyamba zinayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kunyada. Tiya anandipatsa moni, anadzitchula dzina, anandipempha chilolezo choti andigwire (chinthu chimene sanachitepo potenga chaja yanga). Ndinabuula pang'ono, mwaulemu, ngati munthu amene akuvomereza mfundo kumsonkhano. Ndinakankha. Mutu wa siponji uja unafinyika n'kutulukira, pyolo! Ndinamugwira mwendo mwanayo m'kati muja monga anandiuzira.

"Mapewa akakamira! Thandizo!" anakuwa Tiya, n'kutchula nthawi. Ophunzira awiri amene anaikidwa kuti akhale omuthandiza anathamangira m'chipindamo. "Mayi, musakankhenso. Atsikana, miyendo!"

Palibe amene anandichenjeza za miyendo. Wina anagwira uwu, wina uwo, n'kuipinda mpaka maondo anafika m'makutu. Ine munthu wa zaka zanga, amene ndikafuna kumanga zingwe za nsapato ndimayamba ndapangana ndi msana. Ndinaona zidendene za nsapato zanga kwa nthawi yoyamba chizigulireni, ndipo ndinazindikira kuti yakumanzere yadyeka. Kubuula kumene kunatuluka apa sikunali kwa sewero.

"Bwino kwambiri, baba," ananong'ona Sista.

Kenaka Tiya anauza mmodzi kuti akanikize pansi pa mchombo ndi zikhatho ziwiri, kuti phewa la mwana lipendekeke. Mtsikanayo anali wa ku Limpopo, wokulira pa mtondo ndi munsi. Tiyi amene ndinamwa m'mawa anabwera kudzafunsa ngati akufunikanso.

Apa Sista anatsokomola. Ndinamutaya mwana uja ndi mtima wonse, n'kumukankha.

Sanasunthe.

Sista anatsokomolanso. Ndinakankha ndi manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Mwana ali phee, mutu kunja, akuyang'ana pansi ngati munthu amene akudikira kuti aitanidwe ndi dzina lake lonse. Sista anatsokomola kachitatu, kachinayi, mpaka chifuwa chenicheni chinamugwira. Woyesa, osachotsa maso pa wotchi, anamukankhira botolo la madzi.

Tiya anawerama ngati akundipukuta thukuta, akumwetulira, n'kulankhula m'Chichewa mano ali okumana.

"Alamu, m'tayeni mwanayo."

"Ndam'taya kalekale."

"Musandiseweretse. Lero si tsiku la chilamu."

"Pali amayi anga kumanda, manja anga ndi awa."

Kumwetulira kuja kunauma pankhope pake, koma sanaime. Ananena mokweza kuti adula pang'ono kuti dzanja lake lipeze polowera, n'kutenga sizasi ya pasukulu. Inaluma msoko wanga kamodzi, kawiri, kachitatu n'kupindika ngati supuni ya pa ukwati. Ndivomere tchimo langa: pakati pa ululu wonsewo, mtima wanga unasangalala pang'ono.

Anaponya sizasiyo m'mbale n'kulowetsa zala mokakamiza kuti agwire mkono wa mwana autulutse. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Alamu. Ichi n'chiyani?"

"Phewa."

"Phewa lanji lofewa chonchi, lalikulu ngati buledi?"

"La jekete."

"La chiyani?"

"Anali wogwa mapewa, Tiya. Ukanamuona ukanamva chisoni."

Anatseka maso kwa kamphindi. Atatsegula anandisisita pamphumi mwachikondi, n'kunena ndi mawu ofewa ngati a kwaya, "Ndikakwera basi ya ku Malawi, makina anu aja ndikawaponya mu Zambezi pa mlatho wa ku Tete. Mwamva, mayi? Pumirani m'mwamba." Woyesa anagwedeza mutu n'kulemba kanthu.

"M'tembenuzeni, agwade!" analamula Tiya.

Ananditembenuza. Ndinagwada pabedi, manja ndi maondo, mimba ikulendewera, taye ikulendewera, mwinjiro uli yasa kumbuyo. Pawindo panali mitu ya ophunzira ngati khumi ndi isanu, ndi mlonda yemwe uja, amene tsopano geti linali litasiya kumudetsa nkhawa. M'thumba foni inayamba kulira nyimbo ya chitsitsimutso. Anali mlembi wa mpingo, kufunsa ngati ndili panjira. Ndinali panjira, koma osati imeneyo.

Sista anaona kuti zinthu zafika pena. Anayandikira woyesa uja. "Mayi, pepani, chipangizochi chikuoneka kuti chili ndi vuto. Mwina tiimitse kaye, telalayu akonze."

"Sista," anayankha woyesa, "kuchipatala mwana akakakamira sitimubweza kwa amene anamupanga. Wotchi ikuyenda. Wophunzira akaima, walephera."

Ndili chigwadire ndinasuzumira kunsi kwa mkono wanga n'kumuona mlamu wanga. Mutu wa chidole uja unali m'manja mwake, ndipo ndinaona kuti akufunitsitsa kuukoka ndi mphamvu zake zonse, ngati mmene munthu amazulira chinangwa. Pambuyo pake anandiuza kuti chimenecho n'chimene chinamulepheretsa ulendo woyamba: magetsi atazima anachita mantha n'kukoka mutu, chinthu chimene pa mwana weniweni chimapha mkono kapena kupha mwanayo. Apa ndiye manyazi anga anatha, kunabwera mantha. Ndinaganiza za mayi akunyumba ndi Lachisanu lawo lija. Ndinaganiza za mtsikanayu akutsika basi ndi chikwama, anthu akufunsa kuti uzamba uja uli kuti, iye n'kumati unakanirira pa mapewa a dikoni.

Anachotsa manja pamutu paja. Anapuma. Kenaka analankhula momveka, ngati munthu wamkulu.

"Ndayesa njira zonse, kawiri. Mwana sakutuluka ndipo sindikoka. Itanani dokotala tsopano, konzani kufiyeta. Tim'bwezera mutu m'kati, mayiyu akang'ambidwe. Wina akonze zothandizira mwana kupuma." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, mwana wanu wakakamira, tikupita nanu ku opaleshoni. Mwavomera?"

"Ndavomera ndi mtima wonse," ndinatero, ndipo sindinayambe ndanenapo zoona ngati tsiku limenelo.

Woyesa anaika pepala pansi n'kuvala magolovesi. "Dokotala ndine. Mpeni?"

Mipeni inali m'kabati. Kiyi wa kabati anali ndi wosunga katundu. Wosunga katundu anali ku semina.

Apa ndinaona kuti nthawi yanga yothandiza yakwana. Atandigoneka chagada, ndinapisa dzanja kunsi kwa mwinjiro n'kusolola sizasi yanga yaikulu, imene sindisiyana nayo ngakhale pa Mgonero. Sindikudziwa ngati m'mbiri ya zachipatala munakhalapo mayi wina amene anatulutsa yekha chida chomung'ambira m'thumba la buluku. Woyesa anailandira ngati zimachitika tsiku lililonse.

"Tsatani msoko, mayi," ndinamulangiza. "Musadule pakati, nsaluyo ndi yabwino, ingagwirenso ntchito."

"Mayi uyu tamugoneka ndi mankhwala," anatero woyesa kuuza ophunzira. "Salankhula."

Anadula pakati penipeni.

Mwana anatuluka, anthu inu. Anatuluka ndi mapewa ake onse, chingwe cha pamchombo chili lende, nsengwa ya veleveti yofiira ikutsatira pambuyo (ndinaikongoletsa ndi kaleisi m'mbali, pamenepo palibe amene anandiyamikira). Pawindo panamveka kuti "Haaa!" Mtsikana wa ku Limpopo uja anati mwana ameneyu kwawo akanamulembetsa mavoti tsiku lomwelo. Tiya sanaseke. Anamulandira, anamupukuta, anamupopera mpweya akuwerenga mokweza, mpaka woyesa ananena kuti, "Walira." Ndiye anabwera naye n'kumugoneka pachifuwa panga, pamwamba pa taye.

"Mwachira, mayi. Ndi wamwamuna. Muyamwitseni."

Ndinamukumbatira. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma m'maso munadzaza madzi. Mwina unali msana.

Nthawi yomweyo magetsi anayaka, maola awiri nthawi yake isanakwane. Kuchipinda chinacho kunamveka kubuula kwakukulu. Anali mayi wa kutsidya kwa nyanja uja, amene matenda anamulekeza dzulo lake masana. Anamalizitsa yekha, popanda mzamba, mwana n'kugwera m'beseni kuti phwa! Ophunzira ena onse anayesedwa pa iyeyo, ndipo ana awo anatuluka mwaulemu, pa nthawi yake, ngati mabasi a kunja.

Zotsatira anatiuza masana. Tiya anakhoza, ndipo anaposa onse. Woyesa analemba kuti wophunzirayu anaitana thandizo msanga, sanakoke mutu, anadziwa pamene manja ake athera, ndiponso, chimene chinamukhudza kwambiri, anamulimbikitsa mayiyo mofatsa m'chilankhulo chake. Anandigwira chanza n'kunena kuti pa zaka zonse zimene wayesa azamba sanaonepo chipangizo choonetsa bwino chonchi kubereka kosatheka, ndipo anafunsa ngati ndinachita kuphunzira. Ndinati ndi mphatso chabe.

Kunyumba ndinafika ndikuyenda ngati nkhanu. M'takisi ndinali nditamupempha Tiya kuti nkhaniyi ithere ku Springs, iye n'kulonjeza. Lonjezolo linafika mpaka pageti. Pofika ine pakhomo, Tiya anali akuonetsa kale za miyendo zija, mayi akunyumba atagwira khoma, misozi ili mbwembwembwe, akulephera kupuma. Atatha kuseka anamukumbatira mng'ono wawo n'kulira zenizeni. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mwati zinatenga nthawi yaitali bwanji, abambo a Chisomo?"

"Pafupifupi theka la ola. Koma linali theka la ola lalitali."

"Theka la ola. Mwana wake wampunga." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Chisomo ndinamuyamba Lolemba, anabadwa Lachitatu, ndi chimutu chanu chomwecho. Pepani kwambiri, mwavutika. Ndikuphikireni phala la ochira?"

Ndinati asandinyoze. Kenaka ndinati ngati laphikidwa kale, lisatayidwe.

Tiya lero ndi mzamba pa kiliniki ina kuno ku East Rand, ndipo akuti akagwira mayi wovutika manja ake sanjenjemera, poti choopsa chenicheni anachiona kale chitavala taye. Ine phunziro ndinalitenga, ndipo ndi lakuti nkhani za kubereka mwamuna azitseka pakamwa, chifukwa sadziwa kanthu. Ndimawauza amuna anzanga zimenezi kawirikawiri. Mwezi wathawu amayi a chigwirizano anabwera kugalaja kudzayeza mayunifolomu, n'kuyamba kukambirana za mtsikana wina wa kudera la zisakasa la Ramaphosa amene anavutika pochira. Wina anati bola kugona chagada, wina anati ayi, bola chammbali. Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni, ndinaluma mapini atatu kuti ndisalankhule. Koma zinthu zina munthu sungazisiye zikunenedwa molakwika.

"Pepani amayi," ndinatero ndikulavula mapini aja. "Kugwada kumathandiza, koma msana umadzamveka mawa lake. Tifunseni ife amene tinadutsamo."